Kuyendera Perete ku Masasa

Lolemba

Mvula yowaza kuyambira m'mawa. Ku ofesi magetsi kulibe, ndiye ndili ndi mpata woganiza zinthu zikuluzikulu.

Nkhani ndi iyi. Gulu la masikauti la pasukulu yathu yakale ya pulaimale ku Masasa likufa. Gulu lomwe linandiphunzitsa kumanga mfundo, kuyatsa moto pamvula ndi kuima chilili ngati munthu! Wandiuza ndi Jere, mphunzitsi wachinyamata amene akuliyang'anira masiku ano. Takumana pa depoti, iye akudikira minibasi, ine ndikukangana ndi wakabaza. Akuti ahedi, Mayi Mhango, akufuna kachipinda ka masikauti kuti azisungiramo ufa wa phala la ana, ndipo nthawi ya masikauti ya Lachisanu masana akufuna ikhale ya masamu owonjezera. Amuuza mosabisa: “Loweruka ndibwera ndekha. Ndikapeza ana ali pa mzere, mbendera ili m'mwamba, gulu likhala. Ndikapeza bwalo lokhalokha, mundipatse kiyi.”

Zandiwawa. Kachipinda kaja tinakapaka laimu ndi manja athuwa. Ufa!

Sindinazengereze. Ndatsegula gulu la pa foni, ndaikamo anzanga onse akale amene manambala awo ndili nawo. Ndalemba kuti Loweruka tibwerere kwathu, tikalimbikitse ana, ahedi aone ndi maso awo kuti gulu limeneli linatulutsa anthu. Mayankho akugwa ngati matalala. Aliyense akuti ndi wokonzeka. Msiska, amene pano ndi bwana ku Lilongwe, akuti abweretsa mipango ya m'khosi yatsopano, mwana aliyense wake. Chavula, amene anali mtsogoleri wathu tili ana ndipo pano amayang'anira alonda m'tauni muno, wangolemba kuti, “Yewo. Disipulini.” Nkhoma, dikoni wathu, watumiza pemphero lalitali loti chala chimatopa kutsitsa usanafike pa ameni.

Dongosolo la Loweruka:

kuguba kuchokera pa depoti mpaka ku Masasa, ng'oma patsogolo
akale tonse mu yunifolomu
kukhoma tenti ana akuonerera
kugawa mipango
moto waukulu ndi nyimbo
mawu anga (ndayamba kale kulemba, akutuluka okha)

Mayi a kunyumba awerenga zimenezi atasuzumira paphewa langa. Akuti, “Inuyo kuguba? Chitunda cha kutchalitchi chija mumachikwera mopumira.” Nsanje basi.

Lachiwiri

Yunifolomu ndaipeza pansi pa sutikesi, ikununkha mankhwala a njenjete. Si ya ubwana, ndi ija ndinasoketsa nditamaliza sekondale, pamene ndinkathandizira kuyang'anira ang'onoang'ono. Malaya afika m'mapewa n'kukana. Kabudula wafika m'ntchafu, waima pomwepo, zokambirana zatha. Lamba yekha ndiye wayesetsa, koma mutu wake ndi mchira wake sizikuonana.

Ndapita nazo kwa telala mumsika. Wazitambasula, wandiyang'ana, wayang'ananso kabudula. “Adada, izi ndi za mwana wanu?” Ndati ndi zanga. Wapukusa mutu ngati wamva uthenga wa maliro. Kenako: “Tiikamo nsalu kumbuyo, kweni mtundu uwu kulije.” Nsalu imene ali nayo ndi yobiriwira, yotsala pa yunifolomu ya kwaya ina. Ndavomera. Ana adzaona kutsogolo.

Pa foni anthu ayamba kudwala:

wina ukwati wa mlamu wake ku Rumphi
wina bondo
wina maliro Loweruka (Lachiwiri lomwe lino akudziwiratu?)
wina watuluka m'gulu osatsanzika, wangotisiyira kachithunzi ka manja opemphera

Anyamata a ng'oma akuti Loweruka ali ndi ukwati woti akaimbe. Ndiye kuguba ndakufufuta. Ndikulemba apa kuti zidziwike: ndafufuta chifukwa cha ng'oma, osati chifukwa cha zimene ananena mayi a kunyumba.

Lachitatu

Ndazemba ku ofesi masana, jekete ndalisiya pampando kuti lizigwira ntchito. Wakabaza wanditsitsira pamtunda, akuti kumunsi kukuterera, njinga si yake. Ndatsika wapansi. Matope ofiira mpaka m'masokosi.

Jere watsegula kachipinda. Fungo lokha landibweza m'mbuyo.

Tenti: makoswe. Aidya mwaulemu, ayambira pakati.
Mitengo ya tenti: chiswe. Ndagwira umodzi wangofumbutuka m'manja.
Zingwe: Jere anabwereketsa amayi ophika phala, anamangira shedi yawo.
Mbendera ya gulu: ilipo, yasuluka, mkango uja wa dzina lathu loti Mikango ukuoneka ngati galu wodwala.

Pakhoma chithunzi chathu chikadalipo. Ndili mzere wachiwiri, makutu ali tang'a, khosi ngati la nkhuku yosola. Ndayamba kulozera Jere nkhope ndi chala. Uyu tinamuika. Uyu tinamuika. Uyu anapita ku Joni, sakumveka. Uyu ndi Msiska. Uyu tinamuika chaka chomwe chija anakwatira. Pakati wakhala malemu amene ankatiyang'anira, Bambo Sikipa, wezulo m'khosi, nkhope yosaseka. Ndasiya kuloza. Jere wayang'ana kumbali, mnyamata waulemu.

Pakona pali kale matumba awiri a ufa. Jere akuti, “Akuti angosungitsa kaye.” Kusungitsa!

Potuluka ndakumana ndi ahedi. Ndimayembekeza chilombo, koma ndi mayi wamfupi wovala juzi, choko mpaka m'zigongono. “Monire, adada. Ndamva mukubwera ndi mabwana.” Anditengera m'kalasi momwe ufa ukukhala pano. Denga likudontha, matumba apansi achita nkhungu. Akuti, “Ana anga ambiri amadzukira phala, adada, sadzukira mfundo za chingwe. Koma mawu anga sindibweza. Ndiwapeze pa mzere.”

Ndatsanzika. Yankho labwino landibwerera ndili pa njinga, tikuyandikira kunyumba ku Chiputula.

Lachinayi

Msiska waimba. Mawu ofewa, a munthu amene wakonzekera kukukhumudwitsa. Msonkhano wadzidzidzi, abwana ake, sangachitire mwina. Nanga mipango? “Nditumiza pa basi, achimwene, musadandaule.” Basi iti? Foni yaduka. Ndaimbanso, ikungolira.

Tatsala atatu: ine, Chavula, Nkhoma.

Takumana m'tiirumu kuseri kwa msika kuti tikumbutsane mfundo. Chavula wavula chingwe cha nsapato yake. Ine ndamanga, ndakoka, yamasuka yokha. Chavula wamanga ina, akuti ndi yopulumutsira munthu wogwera m'chitsime, ndaikamo chala yandifinya mpaka chala kuda. Nkhoma wamanga yake atatsinzina, yakana kumasuka, tachita kubwereka lezala kwa mwini tiirumu. Chavula abwerera ku ntchito nsapato imodzi ili yasa.

Moto nawo wafa. Nkhuni zonse m'tauni muno n'zonyowa, ndipo Jere watumiza uthenga kuti ahedi sakufuna phulusa pabwalo la netibolo.

Tiyi akuzizira. Kenako Chavula wamenya tebulo. “Vyose ivi ni maluwa waka! Tenti, ng'oma, moto. Chimene chinatipanga ife kukhala anthu ndi kuyendera perete.”

Zoona! Tayamba kukumbutsana. Bambo Sikipa ankayenda pang'onopang'ono pa mzere, kandodo kukhwapa. Zikhadabo. Kuseri kwa makutu. Mabatani. Masokosi. Nsapato zowala. Akakupeza ndi vuto sankakumenya, sankakutukwana. Ankangoti, “Thamanga kunyumba ukakonze, ubwere!” Ndipo lamulo linali lakuti usayerekeze kubwera usanakonze. Umachita saluti, liwiro mpaka kumalaini a boma kuseri kwa mpanda wa sukulu kumene tonse tinkakhala, mayi ako akusokera batani uli chiimire, n'kubwerera mbendera isanakwere. Ine tsiku lina ndinathamangira khutu lamanzere, nditabwera anandibwezanso chifukwa cha lamanja. Taseka mpaka misozi, mwini tiirumu wabwera kudzaona ngati tili bwino.

Kwa nthawi yoyamba sabata ino mtima wanga wakhala pansi. Ichi sichifuna Msiska, sichifuna nkhuni, makoswe sangachidye.

Dongosolo latsopano:

pemphero (Nkhoma walonjeza kufupikitsa)
kuyendera perete
mbendera
mawu anga

Lachisanu

Ndapita kukaona anawo pa nthawi yawo ya masana. Ndimaganiza ndikapeza atatu kapena anayi ogona tulo. Ayi ndithu! Alipo ndithu, odzaza mizere iwiri, anyamata ndi atsikana. Masiku athu atsikana kunalibe.

Koma maonekedwe, Ambuye. Yunifolomu ya sikauti palibe ndi mmodzi yemwe. Mipango yawo Jere anadula pa katani yakale ya m'chipinda cha aphunzitsi, maluwa ake akuonekabe. Pomangira pakhosi aikapo timphete ta nsungwi, wina kakhosi ka botolo. Kumapazi ndiye ndisanene.

Chokhacho, kumvera! Jere akangoimba wezulo onse ali pa mzere. Akati thamangani, fumbi, kapena ndinene matope. Apanga machira ndi matumba ndi timitengo, anyamula mnzawo wonamizira kuthyoka mwendo kuzungulira bwalo osamugwetsa. Aimba nyimbo yathu ija, mawu ena asintha koma ndaizindikira, tsitsi landiimirira. Wotsogolera ndi kamtsikana kowonda, Tiwonge, mawu ngati belu. Wavala patapata, imodzi yomangidwa ndi waya. Wandichitira saluti yakuthwa kuposa ya alonda a Chavula.

Jere ndi mnyamata wabwino koma ndi wofewa. Sayang'ana zikhadabo. Ndamuuza kuti mawa apume, ana atisiyire ife, iye akadikire mabasi a ku Lilongwe pa depoti mwina mipango ifika. Wafunsa, “Muchita nawo vichi, adada?” Ndati zachikale, zenizeni. Wamwetulira, wandithokoza kawiri, yewo chomene, yewo chomene. Akuti sanagone bwino sabata yonse.

Yunifolomu ndatenga. Chigamba chobiriwira chayambira m'chiuno mpaka kumunsi, chooneka ngati tsamba la nthochi. Mayi a kunyumba aona, atuluka panja, ndikuwamva akuseka kuseri kwa bafa. Abwera akupukuta maso, andisitira bwinobwino.

Mawu anga afika masamba anayi. Pali ndime ina yokhudza kupirira imene ndikukhulupirira iliza ahedi.

Loweruka

Nkhungu. Kuzizira kolowa m'mafupa, ndipo ine ndili m'kabudula.

Ana tawapeza afika kale, ali pa mizere, ena milomo ikunjenjemera. Asamba, apaka mafuta, mipango ya katani yachapidwa. Chavula wabwera atavala zonse, kandodo kukhwapa ngati malemu. Jere ali ku depoti.

Nkhoma sanafupikitse. Wapempherera ana, makolo, ahedi, boma, odwala m'zipatala, a paulendo, Msiska.

Kenako perete. Chavula watenga mzere wa anyamata, ine wa atsikana, Nkhoma akutsatira m'mbuyo manja kumsana.

Mwana woyamba: masokosi alibe. Chavula wakweza chibwano. “Thamanga kunyumba ukakonze, ubwere! Ndipo usabwere usanakonze!” Mwana saluti, liwiro. Tayang'anana atatufe, tamwetulira. Ndendende ngati kale!

Wachiwiri: batani. Wachitatu: nsapato yoseka kutsogolo. Wachinayi wosavala chilichonse kumapazi.

Ine ndafika pa Tiwonge. Zikhadabo zoyera, makutu oyera, mpango uli bwino. Ndatsitsa maso: patapata, waya uja. Ndanena mawu aja ndekha, ndi liwu la Bambo Sikipa, ndipo anandikomera m'kamwa. Mwana watsegula pakamwa ngati anene kanthu, watseka, wachita saluti, wathamanga.

Titayamba sitikanatha kusiya, ukamukhululukira uyu ndiye kuti uja wamulakwira. Womaliza anali ndi nsapato, masokosi, mabatani onse. Chavula wamuzungulira, wamuzunguliranso, wamupeza ndi chikhadabo chachitali pa chala chaching'ono.

Bwalo mbee.

Taima pafupi ndi mtengo wa mbendera, tikudikira. Chavula akuti, “Abwera sono sono.” Tikuyang'ana ku mpanda, kumalaini a boma. Palibe akutulukira. Ndipo tsopano ndakumbukira kuti pothamanga paja palibe mwana ndi mmodzi yemwe analowera kumeneko. Onse anatsikira kumunsi.

Mvula yayamba.

Jere wafika wanyowa, manja ali lende, mipango kulibe. Wayang'ana bwalo. “Ana ali nkhu?” Chavula wamufotokozera monyadira. Jere wakhala pansi, pamatope pomwepo, buluku lake lakutchalitchi.

“Adada, ana awa sakhala m'malaini. Amachokera kumunsi uko kuseri kwa dambo, ena kuseri kwa phiri linalo. Ndipo akafika akakonza vichi? Nsapato kulije, masokosi kulije. Ine nchifukwa chake sindiyang'ana kumapazi. Mwawauza asabwere asanakonze. Ana awa amamvera.”

Nkhoma wavula chipewa ngati tili pamanda.

Jere wadzuka kuti awathamangire, koma pa geti patulukira ambulera. Ahedi.

Chavula, mwa chizolowezi, wakuwa, “Atenshoni!” Ndipo ife, madoda atatu a mimba zathu, mawondo ali pamtunda, tagunda mapazi pamatope. Kumbuyo kwanga ndamva kuti pwee. Chigamba.

Mayi Mhango ayang'ana ife, ayang'ana bwalo, ayang'ana mtengo wopanda mbendera. Ndayamba kufotokoza kuti ana analipo, ambiri, angopita kukakonza. Andimvetsera mpaka kumapeto, sanandidule. Kenako, mofatsa: “Ndinati ndiwapeze pa mzere, adada. Kusonkhanitsa ana amenewa Loweruka, pamvula, Jere yekha ndiye amadziwa mmene amavutikira. Inu mwawabalalitsa m'mawa umodzi.” Atambasula dzanja. Jere waika kiyi.

Ahedi akuti katundu wa gulu tikachotse mawa masana, mlonda akatitsegulira.

Ndabwerera ku Chiputula nditamanga juzi m'chiuno. Jere sananditsanzike.

Lamulungu

Ulaliki sindinaumve. Nkhoma ali kutsogolo ndi mbale ya chopereka, tapewana maso.

Pa foni Msiska walemba: “Zinayenda bwanji, Mikango? Tumizani zithunzi!” Wa bondo uja wayankha ndi kachithunzi ka moto. Palibe wina walembapo.

Masana ndapita kukachotsa katundu. Chavula akuti ali pa ntchito. Nkhoma ali ndi komiti. Ndili ndekha ndi mlonda, amene wanditsegulira n'kubwerera kukakhala pa mbaula yake.

Zotenga n'zochepa. Mbendera, chithunzi. Tenti ndawasiyira eni ake.

Ndikutuluka ndamva, “Bwana!”

Tiwonge. Waima pansi pa mtengo wa mbendera, chilili, mpango wa katani pakhosi. Kumapazi nsapato zakuda zachikulu, za munthu wamkulu, kutsogolo zofutukuka ndi mapepala amene waikamo kuti zisavuke. Zikuwala. Akuti wapaka makala ndi mafuta ophikira.

Akuti dzulo anayenda nyumba ndi nyumba. Mayi wina woyandikana nawo anali nazo, koma anakana, akuti zingade asanapite nazo kutchalitchi. Lero atangoweruka amubwereka, azibweze dzuwa lisanalowe. Anaona chitseko chotsegula ali patali, ndiye wathamanga.

“Ndakonza, bwana. Ndabwera.”

Ndaika chithunzi pansi, chotsamira khoma. Ndamuyendera. Zikhadabo, makutu, mpango, nsapato. Ndamuuza kuti wakhoza zonse, palibe chotsala.

Wamwetulira mano onse. “Ndiye Lachisanu tibwere? Ndikawauze anzanga. Ena apeza kale masokosi.”

Ndayang'ana kachipinda, ndayang'ana mwana. Ndamuuza kuti aphunzitsi a Jere awauza mawa.

Wachita saluti. Wavula nsapato zija kuti zisade ndi matope, wazikumbatira pachifuwa, watsika chitunda wopanda kanthu kumapazi, akuthamangira kukauza anzake.

Mawa Lolemba. Ndikakhala ku ofesi tsiku lonse, foni ndikazimitsa.